Ana a Lachinayi

Manja a mayi Annette Masiye ankadziwika kuyambira kwawo ku Malindi mpaka ku Makanjira. Anali manja aafupi, onenepa, osakongola n'komwe, koma pa zaka makumi awiri ndi zitatu za uzamba analandira ana ochuluka moti eni akewo anasiya kalekale kuwerenga. Kaya mwana akubwera chotsogoza miyendo, kaya ndi mapasa olimbirana khomo, kaya mayi akutaya magazi, manjawo ankafika kaye, mutu n'kumatsatira pambuyo. Chilema chawo chinali chimodzi: sankadziwa kukhala pansi. Ngakhale kutchalitchi, wina akamayala nsalu ya paguwa mokhotetsa, a Masiye ankapezeka aimirira kale akuti, "Tabweretsa kuno."

Akuluakulu a zaumoyo atawasankha kukhala mlangizi wa azamba a m'zipatala zazing'ono zakumidzi, aliyense anati asankha bwino. Eni akenso anati asankha bwino, chifukwa kudzichepetsa sikunali m'gulu la matenda awo. Ntchitoyo inali yoyendera azamba achinyamata kumene akugwira ntchito, kuwaona mmene akuchitira ndi kuwawongola. Lachinayi lililonse ankakwera galimoto ya dalaivala wawo, a Duncan, kupita kukachipatala kena kuseri kwa mapiri a ku Chowe, kumene kunali mzamba mmodzi yekha, dzina lake Tawonga.

Tawonga anali mtsikana wa ku Rumphi, wamtali, wolankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa munthu. Anali atangotha chaka ndi theka chichokereni kusukulu ya unamwino. Za m'buku ankazidziwa mpaka tsamba lake, koma Chiyao chake chinkathera pa moni. A Masiye ankamukonda ndithu. Ankamubweretsera chambo chowamba, ankamufunsa ngati denga la nyumba yake likudonthabe, ndipo akalowa naye m'chipinda chochiriramo azimayi ankayamba ndi mawu abwino kwambiri.

"Lero uyambe iwe, mwanangu. Ine ndingoona."

Kungoonako sikunkatha mphindi zitatu. Tawonga akangochedwa pang'ono kupeza mutu wa mwana pamimba, kapena kugwira lumo mwaulemu kwambiri, chigongono cha a Masiye chinkafika m'nthiti mwake. "Taima kaye, taona mmene ndimachitira ine." Tawonga ankasuntha n'kuona. Anaona choncho miyezi inayi yathunthu, ndipo a Masiye ankabwerera ku Boma ali okondwa kuti aphunzitsa.

Lachinayi lina la mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, awiriwo anakhala pansi kuti aone kaundula wa ana obadwa. A Masiye anayendetsa chala pamasiku, kenaka anabwereranso pamwamba. Mwa ana makumi atatu ndi mmodzi a miyezi iwiri, khumi ndi asanu ndi anayi anabadwa Lachinayi. Anaseka mpaka mpando unalira.

"Ana akuno ndi ochenjera bwanji! Amamvera kulira kwa galimoto ali m'mimba?"

Tawonga sanaseke. "Sisita, ndinakuuzani kawiri kuti azimayi a Lachinayi amabwera mimba ikuuma mosalekeza, yosapumira. Ana atatu anabadwa otopa. Munati ndi kutentha."

"Nanga n'chiyani?"

"Pitani kukhitchini ya magadiyani mukafunse. Ine akangondiona amasintha nkhani, ndipo ngakhale asasinthe sindimva."

Khitchiniyo inali kuseri kwa chidikiro, nyumba imene azimayi oyembekezera ochokera kutali amakhalamo podikira tsiku lawo, aliyense ndi wachibale womuphikira. Mwini bwalo kumeneko masiku amenewo anali a Mwanamvua, mayi wachikulire wa mpango wobiriwira, amene anabwera kudzadikirira mdzukulu wawo Keti. Anali atakhalapo masabata awiri okha, koma anali atagawa kale mafuwa, kuweruza milandu iwiri ya nkhuni ndi kupatsa mlonda dzina lachipongwe. Ataona a Masiye anayala mkeka mwachangu n'kuwalonjera m'Chiyao.

"Ali uli, amayi a ku Boma?"

"Ndili chenene, anganga. Ndabwera ndi funso. N'chifukwa chiyani ana akuno amakonda Lachinayi?"

Azimayi anayang'anana n'kumwetulira ngati anthu amene mphatso yawo yobisa yaululika msanga. A Mwanamvua anapisa dzanja m'dengu, pansi pa ufa, n'kutulutsa botolo la pulasitiki lodzaza madzi akuda bii. A Masiye sanafunike kununkhiza. Unali mwanamphepo, mankhwala achikuda amene amafulumizitsa matenda a uchembere.

"Timawamwetsa m'bandakucha wa Lachinayi," anatero a Mwanamvua monyadira, "kuti pofika inu zikhale zayamba, mwana agwere m'manja mwanu. Uyu ndi wa Keti, sabata ya mawa, Insha Allah."

Kuseka konse kwa pa kaundula kuja kunathera pomwepo. A Masiye anapsa mtima, ndipo akapsa mtima Chiyao chawo chinkathamanga kuposa Chichewa. Anawauza kuti mankhwalawo alibe muyeso, kuti amafinya mwana mpaka kubanika, kuti amang'amba chiberekero ngati nsalu yakale, ndipo kuti mayi akang'ambika kuno, msewu wa ku Boma ndi wautali kuposa magazi a munthu. A Mwanamvua anamvetsera mpaka kumapeto, osaphethira.

"Zonsezo tikuzidziwa, amayi. Si ife mbuli. Koma ifenso tili ndi maso, ndipo windo la chipinda chija silitsekeka bwino. Kamtsikana kaja kakangoti kagwire, inu mumakakankha. Kakati kadule, mumakalanda lumo. Tsono ngati inu odziwa simukakhulupirira, ife ndife yani kuti tikapatse ana athu? Pa zoopsa ziwiri tinasankha chimene tikuchidziwa."

Nyemba zinkabwata mumphika. Manyazi anawagwira a Masiye, enieni, otentha m'makutu, amene anali asanawamve chichokereni kusukulu. Wakutsina khutu ndi mnansi, inde, koma kutsinako kumapweteka ndithu. Anatenga botolo lija n'kukhuthulira paphulusa.

"Mverani nonse. Lachinayi latha. Kuyambira lero ndizibwera tsiku limene ndafuna, osauza munthu. Amene amwetse mwana wake zimenezi adzakhala akudikira galimoto imene sikubwera."

Pobwerera anakhala chete mpaka pa mlatho. A Duncan, amene anazolowera kuuzidwa za dzenje lililonse asanalifike, anada nkhawa.

"Mwadwala, mayi?"

"A Duncan, kodi ine ndimalanda anthu ntchito m'manja?"

A Duncan anakhosomola, n'kusintha giya mosafunikira. "Ine sindinganene zambiri. Koma galimotoyi mwakhala mukuiyendetsa ndi pakamwa miyezi inayi, ine ndimangogwirizira chiwongolero."

"Yang'anani kutsogolo, uko kuli njinga," anatero a Masiye, kenaka anadzimva okha n'kutseka pakamwa.

Anafikanso kukachipatala kaja Lolemba, nthawi ya teni koloko m'mawa. Anapeza Keti ali kale m'chipinda. Matenda anali atayamba okha m'mamawa, popanda botolo, ndipo anali pafupi. A Mwanamvua, amene analoledwa kukhala kumutu kwa bedi, ataona a Masiye pakhomo anakweza manja kumwamba.

"Alhamdulillah! Munati simubwera, koma Mulungu wakukokani yekha!"

A Masiye anasamba m'manja, natsegula paketi ya magolovesi n'kuiika pafupi, koma sanavale. Anadzidziwa okha kuti manja opanda kanthu sawakhulupirira. Anayang'anayang'ana m'chipindamo, kenaka anakwera pakampando n'kupachula wotchi yaikulu ya pakhoma, yozungulira ngati lichero, n'kuikumbatira ndi manja awiri.

"Tawonga, ndinakulakwira, ndipo tidzakamba bwino. Lero mzamba ndiwe. Ine ndine wowerenga nthawi."

Tawonga anawayang'ana, anayang'ana wotchi, ndipo anaoneka ngati akufuna kuseka ndi kuthawa nthawi imodzi. Koma Keti anabuula, ndipo panalibenso mpata wa zimenezo.

Poyamba zonse zinayenda bwino. Tawonga ankalankhula ndi Keti mofatsa, Chichewa chosakaniza ndi mawu awiri atatu a Chiyao okhota mchira, ndipo Keti ankamvera. A Masiye anaona zinthu zisanu zimene iwo akanachita mwa njira ina. Anaziwerenga mumtima, n'kuzindikira modabwa kuti mwa zisanuzo panalibe cholakwa ngakhale chimodzi. Zinangokhala zosiyana ndi zawo basi.

Mwana anatuluka nthawi itangopitirira leveni koloko, wamwamuna, mchombo utamuzinga kawiri pakhosi. Tawonga anaumasula msanga. Koma mwanayo anali lobodo, wotuwa, ndipo sanalire.

Mzamba aliyense amadziwa kuti mwana wotero ali ndi mphindi imodzi yoti ayambe kulandira mpweya. Tawonga anamupukuta mwamphamvu ndi nsalu youma, anamutikita kumsana, koma mwana anangoti zii. "Masekondi makumi awiri," anatero a Masiye, ndipo mawu awo anatuluka osalala ngati a pawailesi. Tawonga anamanga mchombo, anadula, anathamangira naye patebulo, n'kutenga kachipangizo kopopera mpweya kamene kali ndi chovindikira pamphuno ndi pakamwa.

"Makumi anayi ndi asanu."

Anafinya kamodzi, kawiri, katatu. Chifuwa cha mwana sichinakwere. A Masiye anaona vuto lake nthawi yomweyo: kachibwano kanali katagwera pachifuwa, njira ya mpweya yatsekeka. Chala chimodzi chikanakonza zimenezo. Zala zawo khumi zinakanirira m'mphepete mwa wotchi mpaka pulasitiki inalira.

"Amayi, gwirani mwanayo!" anakuwa a Mwanamvua, akuwakoka mkono wa yunifomu. "Tayani chiwotchicho! Mwabwera kudzagulitsa wotchi kuno?"

A Masiye anadziikira malire. Kufinya kuwiri kokha, zikapanda kusintha wotchi igwe pansi, ndipo za ulangizi zidzaoneka mawa, chifukwa mwana wa munthu si bolodi lophunzirirapo. Koma asanaponye wotchi anaponya funso.

"Tawonga, chifuwa chikukwera?"

"Ayi, Sisita."

"Ndiye?"

Tawonga anaima kanthawi kochepa kwambiri, kamene kwa a Masiye kanatalika ngati ulaliki wa Lachisanu Loyera. Kenaka anatukula kachibwano kaja pang'ono, anakhazikanso chovindikira bwinobwino, n'kufinya. Kachifuwa kanakwera. Anafinyanso, kanakweranso.

"Chakwera," anatero Tawonga, osauza munthu aliyense.

"Pitiriza. Usathamange."

Anapitiriza, akuwerenga motsitsa, thukuta likutsikira kunsonga ya mphuno. A Masiye diso lina linali pa wotchi, lina pansalu ya Keti kuona ngati magazi akuchuluka, ndipo akanakhala ndi lachitatu likanalira. Keti ankafunsa kuti mwana wanga bwanji, mwana wanga bwanji. A Mwanamvua anali atasiya kukuwa, akungotchula maina a Mulungu motsatizana. Kutuwa kuja kunayamba kuchoka pamilomo ya mwana. Kamwendo kanakoka. Patatha mphindi ziwiri ndi masekondi makumi anayi, mwanayo anatsokomola, anakwinya nkhope ngati munthu amene wadzutsidwa pa nkhani yopanda pake, n'kulira mokweza moti mbuzi ya mlonda inayankha panja.

Tawonga sanayang'ane kwa a Masiye kuti amve chochita. Anamuika mwanayo pachifuwa cha mayi wake, khungu kukhudza khungu, anawafunditsa chitenje, anamuveka kachipewa, anabaya Keti jakisoni woletsa kutaya magazi, n'kudikira nsengwa mpaka inatuluka yonse. A Masiye anabweza wotchi pamsomali wake. Inakhala yopendama, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anaisiya choncho.

Atatuluka panja, Tawonga anatsamira khoma n'kutseka maso.

"Mukanatambasula dzanja ndikanakupatsani mwanayo, Sisita."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndinanyamula katundu."

"Munaona kuti ndi chibwano?"

"Ndinaona. Iwenso unaona, unangochedwa ndi kupuma kumodzi. Mawa sudzachedwa." Anamugwira paphewa n'kumugwedeza mwamphamvu. "Wagwira ntchito, mzamba iwe. Ndakondwa mpaka ndikumva njala."

Chakumasana anadutsa limodzi kuseri kwa chidikiro, ndipo anamva phokoso la kuseka asanafike. A Mwanamvua anali pakati pa bwalo, atakumbatira chivindikiro cha ndowa pachifuwa, maso ali tong'o, miyendo itauma. Azimayi oyembekezera ankagwira mimba zawo ndi kuseka.

"Anangoti chonchi! Ndwii! Ine ndikuti gwirani mwana, iwo akuti makumi anayi ndi asanu! Kani tinkaona molakwika pawindo paja, abale anga. Zikakhala zophweka amayi a ku Boma amalimbirana kuti aoneke. Koma lero zitafika pa moto, anagwira njakata, ndipo kamtsikana, ayi, ndisatinso kamtsikana, anesi athu anauzira mwana moyo ine ndikuona ndi maso angawa. Manja awo ndi ozizira, sanjenjemera!"

Kenaka anawaona awiriwo ataima pamenepo. Chivindikiro chinatsika pang'onopang'ono.

Zinawapweteka a Masiye, tisanamizane. Dzina limene analimanga zaka makumi awiri ndi zitatu linali likuphwasulidwa ndi chivindikiro cha ndowa, ndipo pofika Lachisanu nkhaniyi ikhala itafika kumsika, pofika Lamulungu ku Malindi. Mawu oti adziwombole anali okonzeka palilime, ndipo anali oona. Tawonga nayenso sanapirire.

"Ayi, agogo, si choncho. A Sisitawa ndi amene..."

Nsapato ya a Masiye inatera pachala chachikulu cha Tawonga n'kukhazikika pomwepo. Tawonga anameza mawu otsalawo.

"Anganga anena zoona," anatero a Masiye mokweza, kuti ndi a kumapeto kwa khonde omwe amve. "Mwana uja wapuma ndi manja a anesi anuwa. Anga sanamukhudze. Munaona nokha."

A Mwanamvua anawamvera chisoni, poti munthu wovomera sakanthidwa kawiri. Anabwera n'kuwagwira dzanja mwachifundo chachikulu, n'kuwaikira nthochi ziwiri m'thumba la yunifomu.

"Musadandaule, amayi. Ukalamba ndi wa tonse, ngakhale ine ulusi sindiuonanso pa singano. Muzibwerabe, musachite manyazi. Anesi athuwa ndi ofatsa, azikukumbutsani pang'onopang'ono."

"Sikomo, anganga. Ndizibwera."

A Duncan, amene anamva zonse ali pamthunzi wa mtengo wa mango, anatembenukira kutayala la galimoto n'kuyamba kuliyang'anitsitsa, mapewa akugwedezeka.

Pamenepo mayi wina woyembekezera, wamimba yotsika kale, anadzuka pamkeka movutikira atagwira m'chiuno. Anayenda pang'onopang'ono, anafika pamene panali a Masiye, anawerama pang'ono mwaulemu, n'kuwalambalala. Anakaima pamaso pa Tawonga.

"Anesi, msana wandiyamba kuyambira m'mawa, koma ndimaopa kunena. Sindinamwe kanthu. Tandionani."

Tawonga, mwachizolowezi, anatembenukira kwa a Masiye.

"Ukuyang'ana ine bwanji? Akuitana iwe."

Tawonga anamugwira mayiyo pamkono n'kuyamba naye ulendo wa kuchipinda, akutsimphina pang'ono ndi chala chopondedwa chija. A Masiye anatola kabuku ka sikelo kamene mayiyo anaiwala pamkeka, anakasasa fumbi, n'kuwatsatira pambuyo.